Kwa anyamata a njinga a ku Namwera: musanagule chitsulo, yang'anani mabuleki

Ana anga, inu amene mumadikira makasitomala pa siteji ya kabaza pa Namwera, ndi inunso amene mumamangirira matumba a chimanga pakaliyala n'kulowera ku Mangochi kapena ku Chiponde, tcherani khutu. Ndamva mukufunsana za kachitsulo kamene mwakaona m'mafoni mwanu, kotchedwa brake booster, ndipo ena akuti akangokamanga panjinga basi mtsetse wa Chowe sudzawaopsanso. Ndalamazo zibwezereni kaye m'thumba.

Kachitsuloka n'kopindika ngati uta. Amakamanga ndi mabawuti pa timitu tiwiri timene timagwira mikono ya buleki, kuwoloka pamwamba pa tayala. Mukafinya buleki mwamphamvu, mphira ziwiri za buleki zimakanikiza limu, koma limu nayo imakankha, ndiye mapaipi awiri a felemu kapena a foloko amatanuka pang'ono kupita kunja. Mphamvu ya dzanja lanu, m'malo mogwira gudumu, ina imathera kutanula felemu. Kachitsulo kaja kamagwira mapaipiwo kuti asatanuke. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Sikawonjezera mphamvu imene kulibe, kamangotseka njira imodzi imene mphamvu imathawira.

Ena amene amakakonda kwambiri kachitsuloka ndi anyamata a masewera otchedwa trials, amene anayambira ku Spain m'zaka za m'ma 1970. Amenewo amalumpha ndi njinga kuchoka pamwala kupita pamwala, kuima ndi gudumu lakumbuyo lokha m'mphepete mwa khoma, ndipo njinga zawo zambiri zilibe n'chishalo chomwe. Ambiri amagwiritsa ntchito mabuleki oyendera mafuta a Magura, a ku Germany, amene amakanikiza kwambiri moti felemu yofooka imatanuka munthu akuona ndi maso. Amafika pokanda limu ndi galayindala kuti mphira izimata. Iwo amafuna gudumu liume nthawi yomweyo, kwa kamphindi kochepa. Inu simufuna zimenezo. Inu muli ndi mayi wobereka mwana pakaliyala, kapena matumba awiri a makilogalamu 50, ndipo msewu ukutsika ukukhotakhota mpaka kuchigwa cha Shire. Gudumu likauma pakona, njinga imaserereka. Chimene mumafuna ndi buleki yochepetsa liwiro mofatsa kwa mtunda wautali, osatopa. Choncho zokanda limu zisiyeni. Mudzamaliza mphira m'masiku ochepa ndipo limu idzapyapyala.

Tsono yambani mwaona mtundu wa njinga yanu. Ngati ili yachikale ija ya Hero, Avon kapena Humber, ya mabuleki a timitengo tachitsulo tokokera mphira m'mwamba, kachitsuloka kalibe pomanga. Matenda a njinga zoterezi ali pa mfundo zimene zalekerera, pa manati amene amasuka, ndi pa limu imene yasiya kuzungulira bwino. Ngati ili ya Buffalo yogwira buleki popalasa cham'mbuyo, buleki yake ili m'kati mwa habu, nayonso ilibe nako ntchito. Kachitsuloka n'ka njinga za mtundu wa mountain bike, zimene zili ndi mikono iwiri ya buleki mbali ndi mbali, monga V-brake imene Shimano anaitulutsa m'ma 1990.

Ngakhale yanu ili yotero, musagule musanayese. Imikani njinga, gwadani kumbuyo kwake, ikani zala pa mapaipi awiri aja pafupi ndi buleki, ndipo mnzanu afinye ndi mphamvu zake zonse. Mukamva mapaipi akukankha zala zanu, felemu ndiyo ikudya mphamvu, ndipo kachitsulo kadzakuthandizani. Kawirikawiri ndi kumbuyo kumene kumatero, chifukwa mapaipi akumbuyo ndi aatali komanso owonda. Koma mapaipi akakhala chete, chogwirira n'kufikabe pa handulo, vuto lili kwina. Waya wachita dzimbiri, kapena watsala ndi timinga tingapo pamene bawuti imamuluma. Chikopa cha waya chasweka. Mphira yauma n'kuyamba kunyezimira, kapena yatha mpaka chitsulo chake chikulemba mzere pa limu. Gudumu lapindika, ndiye makaniko anatalikitsa mphira kuti zisamakhule. Zonsezi ndi zotchipa kukonza kuposa kachitsulo, ndipo n'zimene zimagwetsa anthu.

Za mphira ndinene mosabisa. Zodula ku tayala lakale la galimoto zimagwira m'chilimwe, koma mvula ikagwa pa limu yachitsulo yonyezimira ija, mumafinya gudumu likungopita. Gulani mphira zenizeni, ndipo musadikire kuti zithe zonse. Mafuta a tcheni asayandikire limu.

Amene wayesa n'kupeza kuti felemu ikutanukadi, asankhe ndi manja, osati ndi maso. Kagwireni kumapeto onse awiri, yesani kukatanula. Kakagonja m'manja mwanu, sikangalimbane ndi buleki. Kokongola kokhala ndi mabowo ambiri kasiyeni, tengani kochindikala. Pitani ndi njinga yomwe kuti muone ngati mabowo akugwirizana ndi timitu tanu, ndipo a mabowo aatali ndi abwino chifukwa amalola kusuntha. Pakati pa kachitsulo ndi tayala pazilowa chala momasuka, apo ayi matope a Januwale adzadzaza pamenepo gudumu n'kuima lokha. Mabawuti akale amafupika mukawonjezera chitsulo, choncho pezani aatali, kuti mano ake alowe mokwanira. Bawuti yogwira ndi mano awiri imazuka tsiku limene mwaifuna kwambiri. Wowotcherera waluso akhoza kukudulirani kuchokera pa chitsulo chafulati, koma musalole kuti akawotcherere pafelemu. Moto umafooketsa paipi yopyapyala, ndipo mawa mukafuna kusintha buleki mudzasowa pogwira.

Chinthu chimodzi palibe chitsulo chimene chingachithetse, ndicho kutentha. Mukatsika Chowe ndi katundu mutagwira buleki osalekeza, limu imatentha moti simungaikepo chala. Mphira imafewa n'kuyamba kununkha, ndipo chubu chikhoza kuphulika m'kati. Habu ya buleki yopalasa cham'mbuyo nayo imapsa chimodzimodzi. Chepetsani liwiro musanalowe pakona, gwiritsani ntchito mabuleki onse awiri, finyani n'kutaya, finyani n'kutaya. Pamalo oongoka imani, limu izizire. Ndipo zija zokanikiza silipasi patayala lakutsogolo chifukwa waya anaduka sabata yatha, zimandiwawa mumtima. Amene wakwera kumbuyo kwanu sanaone kuti njinga ilibe buleki, wangokhulupirira inu.

Inu atcheyamani a siteji, muli ndi mphamvu yoletsa munthu kunyamula. M'mawa uliwonse mnyamata asanaime pamzere, afinye mabuleki onse awiri n'kukankha njinga inu mukuona. Gudumu likazungulira, apite kwa makaniko, kasitomala atengedwe ndi wina. Ndipo inu ana anga, katundu akakulemerani pamwamba pa Chowe, tsikani muyende nayo pansi mpaka mutadutsa makona.