Kodi Chilungamo Ndicho Kumana Onse Mofanana?

MWAMUNA wochokera ku Malaŵi akakwatira mkazi wa ku Mbare kapena ku Highfield, mu Harare, kodi ukwatiwo umampatsa ufulu wa kukhala m'dzikomo ndi kugwira ntchito? Mu 1994, pamlandu wa Rattigan, Bwalo Lalikulu la Zimbabwe linagamula kuti kuthamangitsa mwamuna wachilendo kumaphwanya ufulu wa mkazi wake amene ali nzika. Pamlandu wa Salem linawonjezera kuti mwamunayo aloledwe kugwira ntchito, pakuti ngati alephera kudyetsa banja, mkaziyo angakakamizike kuchoka naye.

Komabe, mu 1996 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa. Amuna achilendo analandidwa zimene bwalo linawapatsa, ndipo akazi achilendo, amene kale anali kuloŵa mosavuta, anatayanso mwaŵi wawo. Motero onse analingana. Koma kodi kumana mofanana ndiko chilungamo?

Zoonadi, maukwati achinyengo alipo, ndipo boma silingawanyalanyaze. Malamulo a 2013 amafuna zaka 5 za ukwati mlendo asanapemphe unzika. Koma okwatirana oona mtima nawonso amayembekezera, pamene mwininyumba ku Mufakose amafuna lendi mwezi uliwonse.