Kusunga Magetsi ndi Funso la Chikhulupiriro

Batire losungira magetsi silipanga mphamvu yakeyake. Limalandira kuchokera ku mawaya a magetsi, ku sola kapena ku jenereta, n'kusunga kuti lidzapereke magetsi akazima. Ntchito imeneyi ikukhudza funso lakale la chipembedzo: kodi munthu wosungira mawa ndi wanzeru, kapena akuonetsa kuti sadalira Mulungu?

Baibulo lili ndi nkhani za mbali zonse ziwiri. M'buku la Eksodo, mana amene Aisraeli ankasunga mpaka m'mawa ankagwa mphutsi n'kununkha. Uthenga wa Luka umanena za munthu wachuma amene anaganiza zogumula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, koma moyo wake unafunidwa usiku womwewo. Komanso m'buku la Genesis, Yosefe anasunga tirigu ku Iguputo m'zaka 7 za chakudya chambiri, ndipo anthu anapulumuka pa zaka 7 za njala. Onsewa anasunga. Anasiyana poti wachuma uja ankasungira mimba yake yokha ndipo mtima wake unakhazikika pa nkhokwe, pamene Yosefe anasunga kuti adzatsegulire anthu.

Kapangidwe ka batire kamagwirizana ndi zimenezi. Batire la asidi, longa la galimoto, limataya mphamvu pang'onopang'ono ngakhale palibe cholumikizidwa, ndipo likakhala nthawi yaitali losatchajidwa limafa. Kulikama kwambiri kawirikawiri kumalifupikitsa moyo. La lithium limakhalitsa, koma nalonso limakalamba. Choncho mphamvu ya m'batire si chuma choti munthu aunjike kwa zaka. Imangothandiza kudutsa maola amdima.

Ku Malawi nkhaniyi si yongoganizira. Magetsi ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'chaka chomwecho malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 ku Golomoti, m'boma la Dedza, anayamba kugwira ntchito ali ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu.

Pachipatala funsoli lili ndi yankho losakayikitsa. Katemera wambiri amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo makina opereka mpweya kwa mwana wobanika sadikira kuti magetsi ayake. Kusiya malo otere opanda batire kapena jenereta, n'kumati Mulungu adzasamala, ndi kuyesa Mulungu, chimene Yesu anakana pamene Satana anamuuza kuti adzigwetse kuchokera pamwamba pa kachisi.

Povuta ndi pa fanizo la anamwali khumi, mu Mateyu 25. Asanu ochenjera anatenga mafuta apadera a nyale zawo, koma anakana kugawira anzawo. Omasulira ambiri amati mafutawo akuimira kukonzeka kwa mtima, kumene munthu sangabwereke kwa mnzake. Magetsi sali choncho: amagawika. Nyumba yokhala ndi batire ndi invata ikhoza kutchajira foni oyandikana nawo, kapena kuunikira ana a pafupi amene akuwerengera mayeso, ndipo fanizoli silingakhale chifukwa chotsekera geti.

Palinso vuto lina lobisika. Amene angakwanitse kugula sola, invata ndi mabatire kawirikawiri ndi omwenso mawu awo amamveka kwa akuluakulu. Nyumba zawo zikamawala usiku wonse, ululu wa kuzima kwa magetsi sawumvanso, ndipo changu chofuna kuti magetsi a dziko lonse akonzedwe chimazirala. Otsala mumdima ndi ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi a zigayo zazing'ono, amene tsiku lopanda magetsi ndi tsiku lopanda ndalama. Kwa wokhulupirira amene ali ndi batire, udindo wake umafika mpaka pa kulankhulira anthu amenewa.