Ngongole ya Amir kwa munthu amene anamwalira

M'nyengo yozizira ya 1975, mumzinda wa Kabul, mnyamata wa zaka 12 anabisala pakona ya kanjira n'kumaonerera mnzake akugwiriridwa. Sanakuwe, sanathamange kukaitana anthu. Anangotembenuka n'kuliyatsa liwiro. Buku la The Kite Runner, limene Khaled Hosseini anatulutsa mu 2003, latsamira pa mphindi imeneyi, ndipo funso lake ndi lakale ngati chipembedzo chenichenicho: munthu akalakwira mnzake, mnzakeyo n'kumwalira asanapepesedwe, kulapa kumapita kwa yani?

Wothawayo ndi Amir, mwana wa Baba, mpondamatiki wa mtundu wa Pashtun wa ku Wazir Akbar Khan. Wogwiriridwayo ndi Hassan, mwana wa Ali, wantchito wapakhomopo. Anawa anayamwa bere la mayi mmodzi, ankaulutsa kaiti limodzi, koma wina ankagona m'nyumba yaikulu, wina m'kanyumba kadothi kuseri. Wina ankapita kusukulu, wina ankatsala akusita zovala za mnzakeyo. Amir ankamuwerengera Hassan nthano, ndipo akapeza mawu ovuta ankamunamiza tanthauzo lake kuti amuseke.

Kusiyanaku sikunayambire pakhomo pa Baba. Hassan ndi wa mtundu wa Hazara, Asilamu a Chishia m'dziko limene ambiri ndi a Chisunni. Cha m'ma 1890 mfumu Abdur Rahman Khan inawathira nkhondo, ambiri anaphedwa, ena anagulitsidwa ukapolo. Mu Ogasiti 1998 a Taliban anaphanso Ahazara ochuluka ku Mazar-i-Sharif. Choncho pamene mnyamata wankhanza dzina lake Assef ankagwirira Hassan, ankadziwa kuti palibe amene adzamuzenge mlandu chifukwa cha mwana wa wantchito. Amir nayenso ankadziwa.

Chodabwitsa n'chakuti chikumbumtima sichinamufewetse Amir, chinamuwonjezera nkhanza. Anamugenda Hassan ndi makangaza pofuna kuti abwezere, koma Hassan anangotola khangaza lina n'kudziphwanyira pachipumi. Kenako Amir anabisa wotchi ndi ndalama pansi pa matilesi a Hassan. Atafunsidwa, Hassan anavomera kuti waba, pamene sanabe, ndipo iye ndi Ali anachoka pakhomopo.

Owerenga ambiri amagoma ndi mtima wa Hassan, koma apa mpofunika kudekha. Kukhululuka kumakhala ndi mtengo ngati wokhululukayo akanatha kukana. Hassan akanakana bwanji? Chakudya chake, pogona pake, ntchito ya bambo ake, zonse zinali m'manja mwa banja la Amir. Hosseini anamulemba ngati mwana wopanda banga, ndipo ngakhale kalata imene analembera Amir atakula, ataphunzira kulemba, ilibe liwu lodandaula. Mwina ndi ukoma weniweni. Mwinanso ndi momwe bwana amafunira kumukumbukira wantchito wake, pakuti wofotokoza nkhani yonseyi ndi Amir yemweyo.

Chisilamu chimasiyanitsa zolakwira Mulungu ndi zolakwira munthu. Pa zoyambazo, wolapa asiye tchimolo, amve chisoni, atsimikize kuti sadzabwerezanso. Pa zachiwirizo pamawonjezeka chinthu china: abweze chimene analanda, kapena apemphe chikhululuko kwa mwiniwakeyo. Apa mpamene Amir akugwa m'vuto. Pamene Rahim Khan, mnzake wa Baba, ankamuimbira foni mu 2001 kuti abwere ku Pakistan, Amir anali atakhala zaka pafupifupi 20 ku California, ndipo atafika anauzidwa kuti a Taliban anapha Hassan ndi mkazi wake Farzana. Wotsala anali mwana wawo, Sohrab.

Ndiye Amir anabwezera mwana ngongole ya bambo. Anapita ku Kabul, anapeza Sohrab ali m'manja mwa Assef yemwe uja, tsopano mkulu wa Taliban, ndipo anamenyedwa mpaka nthiti kuthyoka. Ali mkati momenyedwa anaseka, poti chilango chimene ankachifuna kuyambira ali mwana chinali chitafika. Koma mikwingwirima ya Amir sinamupindulire kanthu Hassan, ndipo amene anapulumutsa mnzake tsikulo ndi Sohrab, ndi legeni yake.

Pali chinanso chimene chimatsalira kukhosi. Poyamba Amir anakana kupita ku Kabul. Anavomera Rahim Khan atamuululira kuti Hassan anali mwana wa Baba, m'bale wake wa magazi. Baba yemweyo, amene ankaphunzitsa kuti tchimo lililonse ndi kuba, anali ataba mkazi wa wantchito wake, n'kuwabisira ana ake awiri choonadi. Sohrab akanakhala mdzukulu wa Ali basi, kodi Amir akanaika moyo wake pachiswe? Bukuli likulambalala funsoli.

Pamene Hosseini akuchita bwino ndi poti sanamupatse Amir mathero ofewa. Atangomulonjeza Sohrab kuti sadzabwereranso kunyumba ya ana amasiye, Amir anabweza mawu ake, ndipo mwanayo anayesa kudzipha. M'chipatala ku Islamabad ndi mmene Amir anapempherera koyamba patatha zaka zoposa 15. Atafika ku America, Sohrab anakhala miyezi yambiri osalankhula. Ndipo apongozi ake a Amir, a Jenerale Taheri, atafunsa pa chakudya kuti anthu aziuzidwa chiyani za kamnyamata ka Chihazara kamene kali m'nyumbamo, Amir anaulula chinsinsi cha Baba pamaso pa onse, n'kuwauza kuti mwanayo ali ndi dzina, azimutchula Sohrab.