Kodi Kudana ndi Dziko Lapansi Ndiko Kupanduka?

M'caka ca 1945 alimi ena a ku Egypt, pokumba nthaka pafupi ndi Nag Hammadi, anapeza mtsuko, ndipo m'kati mwace munali mabuku 13 a cinenero ca Coptic. Ambiri a mabukuwo anali a anthu ochedwa Gnostics, dzina locokera ku mau a Cigriki otanthauza cidziwitso. Iwo anaphunzitsa kuti dziko lino silinalengedwe ndi Mulungu Wam'mwambamwamba ai, koma ndi mlengi wina wamng'ono, wakhungu ndi wodzikuza, amene anatsekera mizimu ya anthu m'matupi monga m'ndende. Ena a iwo anafika pa kutama njoka ya m'munda wa Edene, ena Kaini. Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, anawatsutsa kolimba ca m'ma 180.

Tsono anzeru a m'zaka za 1900 anawawerenga ndi maso ena. Hans Jonas, Myuda wa ku Germany, analemba za iwo mu 1934 ndi mu 1958, naona kuti kutama Kaini sikunali kupusa: kunali kutembenuza malembo dala, monga kapolo anyoza mbuye wace. Albert Camus, wobadwira ku Algeria, anawaphunzira mu 1936, nawachulanso mu 1951 m'buku lace la munthu wopanduka.

Tisafulumire kuseka, inu owerenga. Mai amene waika mwana wace m'manda adziwa funso lao: ngati Mlengi ali wabwino, zowawa zicokera kuti? Funsoli nloona, ndipo ngakhale Yobu analifunsa.

Koma ine ndikayika ngati kumeneku kuyenera dzina la kupanduka. Wopanduka akana coipa cifukwa akonda cinthu cimene coipaco ciononga. Munthu wonena kuti thupi, munda ndi ukwati zonse ndi msampha, adzalimbirananji cilungamo pano? Angofuna khomo loturukira, ndipo khomolo nla owerengeka okha odziwa cinsinsi. Otsala m'ndende adzionere okha.

Jonas mwini wace anataya amai ace ku Auschwitz. Anali ndi cifukwa codana ndi dziko koposa ambiri a ife. Koma mu 1979 anaturutsa buku lonena za udindo wa munthu, kuti tiyenera kusunga dziko lino kuti ana osabadwa adzakhalemo. Munthu amene anawamvetsa bwino a Gnostics sanawatsate.