Lichero la Mau: Kodi Ndi Mwano Kukana Uthenga?



Mayi aliyense wa kuno kwathu amadziwa kuti chimanga chikakonoledwa sichipita ku chigayo chisanaone lichero. Nandolo amene timagula pa msika wa Nkando timayamba tamusankha, kuchotsa timiyala ndi wofumbwa, tisanamuike pa moto. Palibe amene amatinena kuti ndife onyada chifukwa chotaya mankhusu. Zolowa m'mimba mwa ana athu timazisamala chotere. Nanga zolowa m'makutu mwathu, zimene pambuyo pake timazipereka kwa anzathu, timazipeta ndi chiyani?

Kale uthenga unkabwera ndi miyendo. Wobweretsayo tinkamuona nkhope, tinkadziwa kwao ndi amene wamutuma, ndipo akanama tinkadziwa komupeza. Lero uthenga umalowa m'nyumba usiku, pa foni, wopanda nkhope ndi wopanda odi. Azungu uthenga wobwera wosaitanidwa wotere anaupatsa dzina loti spam. Dzinali ndi la nyama ya m'chitini imene inayamba kugulitsidwa ku America mu 1937, ndipo mu 1970 anthu ena a zisudzo ku England anaiseka kuti imapezeka m'mbale iliyonse ngakhale munthu asaifune. Ife dzinalo sitikulisowa, pakuti chinthucho tikuchidziwa bwino.

Alendo atatu osaitanidwa

Woyamba ndi wakuba. Chiyambire pamene Airtel Money inafika mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, kutumiza ndalama kwa mwana wa ku sukulu kapena kulandira thandizo la ku tauni kunaphweka, ndipo tiyenera kuyamika. Koma njira yomweyo anaiona ndi akuba. Amalemba kuti ndalama ija muitumize pa nambala iyi, pamene sanatchule kuti ndi ndalama iti; amangoponya khoka podziwa kuti mwa anthu ambiri olandira, mmodzi ali pa mzere kwa ejenti ndi ndalama m'manja. Ena amati mwapambana mpikisano umene simunalowe. Ena amati atumiza ndalama kwa inu molakwitsa, muwabwezere. Oopsa kwambiri ndi amene amadzitcha aphunzitsi kapena achipatala, kunena kuti mwana wanu wavulala ndipo pakufunika ndalama msangamsanga. Apolisi akhala akunena kuti mauthenga ambiri otere amachokera kwa akaidi ena a m'ndende ya Zomba. Lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo pa makina a kompyuta linaletsa mchitidwewu, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Komabe mauthengawa sanasiye kubwera.

Wachiwiri amabwera atavala zopemphera. Amalonjeza madalitso kwa amene atumize uthengawo kwa anthu 10, ndi kuopseza kuti wounyalanyaza aona tsoka sabata isanathe. Uyu sakuba ndalama, akuba mtendere wa mumtima. Akutiphunzitsa kuti chifundo cha Mulungu chimagulidwa ndi mayunitsi, ndipo akusandutsa pemphero kukhala chithumwa.

Wachitatu ndi mphekesera, ndipo ife a ku Mulanje tikumudziwa kuposa wina aliyense. Mu September 2017 mbiri ya anamapopa inabuka m'boma lathu lino, nifalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja, achinyamata ankatseka misewu ndi kusecha magalimoto, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu osachepera 8 anaphedwa pongoganiziridwa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu ku Blantyre. Amene anaponya miyala anali ochepa. Amene ananyamula mau kuchokera pa chitsime kupita pa msika, kuchokera pa maliro kupita pa foni, anali ochuluka zedi, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu abwino amene ankaganiza kuti akuchenjeza abale awo.

Kodi kukana ndi mwano?

Funso limene likutivuta ndi ili. Tinaleredwa kuti mlendo salandiridwa ndi mafunso, amayamba wapatsidwa mphasa ndi madzi. Tinaleredwanso kuti wamkulu akamalankhula sadulidwa mau. Tsono mayi wapampando akaimitsa nkhani pa msonkhano, nati tiyambe tafufuza, ena amang'ung'udza kuti akudziyesa wophunzira. Mayi akauza apongozi ake kuti uthenga umene atumizawo ndi wabodza, amaoneka wamwano. Ambiri timasankha kukhala chete, kapena kungoupereka patsogolo ndi mau akuti ndangotumiza monga ndinalandirira.

Koma taganizani bwino, amayi. Uthenga ukachokera pa nambala yosadziwika, wolandira amayamba wakayika. Uthenga womwewo ukachokera kwa mayi amene amavala yunifolomu ya Mothers' Union, amene amayendera odwala ndi kuimirira ana pa ubatizo, kukayika kuja kumatha. Wabodza alibe mbiri yabwino yakeyake, choncho amabwereka yathu. Potumiza uja tasainira, taikapo dzina lathu limene tinalimanga zaka zambiri. Pajatu akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Wonyamula mau asanawamvetse sangathe kunena kuti mlanduwo ndi wa woyambitsa yekha.

Ndiye kukana uthenga si mwano ayi. Mlendo amene mwambo wathu umatilamula kumulandira ndi munthu, wokhala ndi njala ndi ludzu. Uthenga si munthu. Sumva chisoni ukafufutidwa. Amene angamve kuwawa ndi mnzathu amene angabedwe ndalama za banki mkhonde, kapena mlendo weniweni amene angagendedwe pa msewu wa Midima chifukwa cha mau amene ife tinawalola kudutsa.

Lichero nalo lingalakwe

Tikadalekera pamenepa, phunziro likadakhala lapafupi: fufutani zonse, musakhulupirire aliyense. Koma mayi wopeta mwaukali amataya mphale pamodzi ndi gaga. M'fanizo la tirigu ndi namsongole, pa Mateyu 13, mwini munda analetsa antchito ake kuzula msanga poopa kuti azulira limodzi mbeu yabwino. Ngozi imeneyi ilipo pa nkhani yathu.

Wakuba amatengera kulira kwenikweni. Chifukwa chake kulira kwenikweni nako kwayamba kuoneka ngati kwa wakuba. Mdzukulu amene ali ku Johannesburg akabedwa foni, amabwereka ya mnzake, ndipo nambala imakhala yachilendo. Mayi wodikirira wodwala ku chipatala foni ikamuthera moto, amapempha ya woyandikana naye bedi. Onsewa amalemba mwachangu, onsewa amapempha ndalama. Tikauma mtima kotheratu, wakuba uja watibera kawiri: ndalama za amene anapusitsidwa, ndi chifundo cha ife otsala.

Tikumbukirenso March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mapiri ndi kusefukiza mitsinje ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Masiku amvulawo asanafike, a zanyengo anachenjeza pa wailesi ndi pa mafoni. Uthenga umenewo nawonso unabwera wosaitanidwa, unali woopsa, ndipo unkafulumiza anthu. Munthu wotopa ndi mabodza akadatha kuutaya pamodzi ndi enawo.

Palinso ngozi ina imene sitikonda kuitchula. Wogwira lichero ali ndi mphamvu, ndipo mphamvu imakoma. Ndi kwapafupi kutcha miseche nkhani iliyonse imene ikutisowetsa mtendere. Mayi akafunsa pa msonkhano kuti ndalama za chopereka cha maliro zinayenda bwanji, amenewo si mankhusu. Wina akanong'oneza kuti mtsikana wa zaka 15 akufuna kumukwatitsa, pamene malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati wosakwana zaka 18 ndi mwana, imeneyo si mphekesera yoti ikwiriridwe pofuna kusunga mbiri ya banja. Mtsogoleri amene amatseka pakamwa anthu otere sakupeta, akubisa. Muyeso wa uthenga woyenera kutayidwa si wakuti watiwawa, koma wakuti ndi wonama kapena wopweteka wosalakwa.

Tipete bwanji tsono?

Akulu anati safunsa anadya phula. Pakati pa kumeza zonse ndi kutaya zonse pali kufunsa, ndipo ndi ntchito imene imafuna kudekha.

Tifunse poyamba kuti mwini uthengawu ndani. Chenjezo la namondwe linali ndi mwini wake, nthambi ya boma yoona za nyengo, ndipo aliyense akadatha kutsegula MBC, Zodiak kapena Mzati ndi kulimva lomwelo. Mphekesera ilibe mwini. Nthawi zonse imati akuti, wina anaona, zachitika mudzi wa patsidya. Tikalondola, wina aliyense amaloza mnzake.

Tifunsenso kuti uthengawu ukufuna chiyani kwa ife. Chenjezo loona limafuna kuti tipulumuke, silipempha kanthu. Wakuba amafuna ndalama kapena nambala yathu yachinsinsi, imene ili ngati kiyi wa nyumba ndipo sipatsidwa kwa munthu wina aliyense, ngakhale wodzitcha wa ku kampani ya mafoni. Akamatiuza za mphatso yaikulu imene sitinaigwirire ntchito, tikumbukire kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chachikulu ndi ichi: kodi uthengawu ukulola kufunsidwa? Mdzukulu weniweni sakwiya mukamuimbira kuti mumve mau ake, kapena mukamufunsa dzina la agogo ake aamuna. Mphunzitsi weniweni sakuletsani kuimbira ahedi a sukulu. Wabodza ndiye amati musaimbe, foni yawonongeka sipika, musauze munthu, tumizani pompano. Choona chimapirira mphindi 10 zofufuza. Chonama chimaopa mphindi zomwezo.

Titaye uthenga, tisataye munthu

Tikazindikira kuti uthenga ndi wabodza, tatsala ndi munthu amene watipatsira. Kawirikawiri si mdani. Ndi agogo amene anaopa tsoka lija ndipo anatumizira adzukulu awo chifukwa chowakonda. Ndi mnzathu amene anafuna kutichenjeza. Kumuchititsa manyazi pa gulu kumamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha, kuti ulendo wina asadzatiuze. Pa Mateyu 18 tikulangizidwa kuyamba kulankhula ndi mbale pa awiri. Mau oti, amayi, zikomo pondiganizira, koma ndafufuza ndapeza kuti nkhaniyi si yoona, amatseka njira ya bodza koma khomo la ubale amalisiya lotsegula.

Amene wabedwa kale amafunika chifundo chachikulu koposa. Ambiri amakhala chete chifukwa cha manyazi, poopa kutchedwa opusa ndi amuna awo kapena anzawo a banki mkhonde, ndipo kukhala chete kwawo ndiko kumapatsa wakuba mpata wokabera wina. Tisawaseke. Akubawa ntchito yawo ndi yomweyo usana ndi usiku, ndipo apusitsapo aphunzitsi ndi anthu a m'maofesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Timuperekeze kukanena ku polisi ndi ku kampani ya foni yake, ndipo akalimba mtima afotokoze pa gulu mmene zinayendera, kuti misozi yake ikhale mpanda wa ena.

Tisaiwale amayi anzathu amene sadziwa kuwerenga, kapena amene maso anafooka. Iwo amadalira mwana kapena mnansi kuti awawerengere, ndipo ndi amene akuba amawasaka kwambiri. Sichingatiwonongere nthawi kupatula mphindi zochepa pa msonkhano wathu kuti amene walandira uthenga womudabwitsa auwerengetse, tonse tiupete pamodzi. Pa mtondo sitisinja tokha, ndipo diso la mnzako limaona kamwala kamene lako laphonya.

Udindo umenewu si wa mayi wapampando yekha, kapena wa abambo ansembe, kapena wa boma. Foni ili m'manja mwa yense wa ife, ndipo bodza lililonse limafunika munthu mmodzi woti alinyamule kuti lifike khomo lotsatira. Likafika kwa ife lingathe kuthera pomwepo, popanda phokoso, popanda wina kutiyamika. Koma kulira kwa wosowa kukafika, ngakhale pa nambala yachilendo, kupeze mayi amene ali ndi mtima woimbanso ndi kufunsa.

Zokambirana m'magulu athu

1. Ndi mauthenga otani abodza amene afika pakati pathu chaka chino, ndipo tinawazindikira bwanji?
2. Tingamuuze bwanji munthu wamkulu kwa ife kuti nkhani imene watipatsira si yoona, popanda kumunyoza?
3. Kodi pa misonkhano yathu pali nkhani zoona zimene timazitcha miseche chifukwa zikutiwawa?
4. Ndani pakati pathu amene amasowa womuwerengera uthenga, ndipo ndani angadzipereke?

Ambuye atipatse makutu ochedwa kukhulupirira bodza ndi mitima yosachedwa kumva wolira. Mtendere ukhale nanu nonse m'mabanja mwanu.