Mlenje Kapena Mbusa?

Cimbalangondo ndi nyama imene ambiri a ife tinangoimva m'mabuku, pakuti m'thengo la Africa mulibe zimbalangondo lero. Koma ku maiko a United States ndi Canada ziriko zambiri, makamaka za mtundu wakuda, ndipo caka ndi caka, pofika mwezi wa September, anthu a kumeneko amautsa mkangano umodzi-modzi womwewo: kodi nkoyenera kuti munthu aitane cimbalangondo ndi cakudya, naciombera ciri pakudya? Mkanganowu ngwa anthu akutali, koma funso lace liri pafupi ndi munthu ali yense amene anacherapo diwa kapena kukoleka nyongolotsi ku mbedza. Tiyeni tsono tiumve mlanduwu monga acitira akulu pabwalo, kuyamba ndi mboni, ciweruzo pambuyo.

Mboni yoyamba ndiyo njala ya cimbalangondo. Pamene kwathu kuno dzuwa liswa mtengo, m'miyezi ya September, October ndi November, kumeneko masamba a mitengo ali kufiira ndi kuyoyoka, ndipo cisanu coopsa ciri panjira. Cisanuco cikafika, dziko lonse limakutidwa ndi cipale cofewa, ndipo cakudya m'thengo cimatheratu. Cimbalangondo cimalowa m'phanga kapena pansi pa mizu ya mtengo, ndi kugona miyezi isanu, kwina ndi kupitirirapo, osadya, osamwa. M'tulo timeneti cimakhala ndi moyo ndi mafuta a m'thupi mwace okha. Cacikazi cimaswa ana ace m'phanga momwemo, ca m'mwezi wa January, tiana tosakwana ndi theka la kilogalamu lomwe, ndi kutiyamwitsa cosalawa kanthu kufikira cisanu citatha. Ndiponso cacikazi cimene sicinanenepe bwino kawiri-kawiri sicibala caka cimeneco.

Cifukwa ca ici, m'nyengo ya kuyoyoka kwa masamba cimbalangondo cimadya usana ndi usiku, zipatso za m'thengo ndi njere za mitengo, ndipo cikhoza kuonjeza kilogalamu yathunthu pa kulemera kwace tsiku limodzi. Kudya kotere munthu angakuyese dyera, komatu ndiko kututa kwace, ndipo thupi lace ndilo nkhokwe yace. Mau amenewa tiwasunge, cifukwa tidzabwerako.

Mboni yaciwiri ndiyo mcitidwe wa osaka. Titenge cigawo ca Maine, kumpoto cakum'mawa kwa United States, kumene kuli nkhalango zowirira. Kumeneko uzimba wa zimbalangondo umayamba kumapeto kwa August, koma lamulo lilola munthu kuyamba kuika nyambo masiku 30 uzimbawo usanatsegulidwe. Munthu amatenga mgolo, naumangirira ku mtengo, nathiramo zitumbuwa zotsekemera zotsala m'masitolo, mikate yogona, mafuta ophikira otha nchito ndi zina zonunkhira. Cimbalangondo ciri ndi mphuno yakuthwa koposa, ndipo cimamva pfungo lace ciri kutali. Cimabwera poyamba mwamantha, usiku. Mawa lace cipeza mgolo wadzalanso. Ndipo pakutha masabata angapo cazolowera njira ndi nthawi yomwe. Tsiku lololedwa litafika, munthu uja akwera pa nsanja imene anamanga m'mtengo pafupi ndi mgolo, nakhala cete ndi mfuti yace kufikira madzulo. Zimbalangondo zambiri zimene zimaphedwa ku Maine zimafa motere.

Tsono timve oikira kumbuyo mcitidwewu, ndipo tisawanyoze, pakuti mau ao ali ndi nzeru. Iwo ati m'nkhalango zowirira zotere munthu angayende masiku ambiri osaona cimbalangondo ngakhale cimodzi, ndipo zikaleka kuphedwa zidzacuruka ndi kulowa m'minda, m'ming'oma ya njuci ndi m'makomo a anthu. Atinso nyama yoima pamgolo munthu amaiona bwino, nadziwa ngati ndi yaimuna kapena yaikazi yoyenda ndi ana; amalasa pamalo oyenera, ndipo nyamayo imafa msanga, kusiyana ndi yolasidwa iri kuthawa, imene imakafera kutali ndi bala. Potsiriza ati m'midzi ya m'nkhalangomo muli anthu amene amapeza ndalama za caka potsogolera alendo odzasaka. Akatswiri a Boma la Maine oyang'anira nyama anagwirizana ndi maganizo amenewa, ndipo pamene anthu a cigawoco anafunsidwa mwa voti, mu 2004 ndiponso mu 2014, ngati afuna kuletsa nyambo, agalu ndi misampha, nthawi zonse ziwiri oposa theka pang'ono anakana kuletsa.

Otsutsa naonso ali ndi zao. Ku Colorado anthu analetsa nyambo ya zimbalangondo mwa voti mu 1992, ku Oregon mu 1994, ndi ku Washington mu 1996. Iwo ati nyama yozolowera cakudya ca anthu imataya mantha, ndipo mawa idzacifuna pakhomo pa munthu wosalakwa. Atinso nyambo imene amati icepetsa zimbalangondo ndiyo imene izinenepetsa zotsalazo kuti zibale bwino. Ndipo ofufuza a ku Wisconsin analengeza mu 2017 kuti pa cakudya conse ca zimbalangondo zimene anaziyesa, magawo oposa 40 mwa 100 anacokera ku nyambo. Ku New Hampshire, mu 2014, zimbalangondo zinai zinapezeka zitafa pafupi ndi nyambo ya cokoleti, pakuti mu cokoleti muli mankhwala amene ali ululu kwa nyama zotere, ndipo caka cotsatira Boma la kumeneko linaletsa cokoleti pa nyambo.

Tikaleka mlandu pamenepa, tidzangowerenga phindu ndi kuipa mbali ndi mbali, monga wogulitsa pamsika. Koma pali funso lina lozama, ndipo tilifikira bwino podzera m'nkhani imene inacitika mu November 1902. Theodore Roosevelt, amene anali Pulezidenti wa United States pa nthawiyo, anapita kukasaka zimbalangondo ku Mississippi. Wotsogolera uzimba anali Holt Collier, munthu wakuda amene anabadwira mu ukapolo, mlenje wochuka m'dera lonselo. Agalu anapanikiza cimbalangondo, Collier anacikantha ndi kucimanga ndi cingwe ku mtengo, ndipo anaitana Pulezidenti kuti adzaciombere. Roosevelt ataona nyama yomangidwa ndi yolefuka anakana kuomba mfuti. Munthu wina wojambula, Clifford Berryman, anajambula nkhaniyi mu nyuzipepala ya Washington Post, ndipo kucokera pamenepo tidole ta ana tooneka ngati zimbalangondo tinayamba kuchedwa Teddy, dzina lofupikitsa la Pulezidentiyo.

Ambiri amaiwala mathero a nkhaniyi. Cimbalangondo cija sicinapulumuke ai. Popeza cinali citavulala kwambiri, Roosevelt analamula kuti aciphe kuti cileke kuvutika. Tsono cimene anakana nciani? Sanakane imfa ya nyama, pakuti iye mwini anapha nyama zambiri m'moyo wace. Anakana kulandira dzina la mlenje pa nchito imene sinali ya ulenje. Iyeyu ndi anzace anali atayambitsa, mu 1887, bungwe la osaka lochedwa Boone and Crockett Club, limene linaphunzitsa kuti nyama yosakidwa iyenera kukhala ndi mpata weni-weni wa kupulumuka.

Apa ndipo pagona mlandu wa mgolo. Cimbalangondo cobwera ku nyambo ciribe cingwe m'khosi, ndipo oikira kumbuyo nyambo amanena zoona kuti zikulu-zikulu zocenjera zimabwera usiku wokha, munthu atatsika pa nsanja. Komabe tinaona kuti m'miyezi imeneyi cimbalangondo ciri kututa moyo wace ndi wa ana ace. Munthu amene wacidyetsa masiku 30 pamalo amodzi wacimanga ndi njala yace yomwe, ndipo cingwe cotere, ngakhale sicioneka ndi maso, cimakoka ndithu.

Maganizo anga ndi awa. Munthu amene adyetsa nyama tsiku ndi tsiku, naiphunzitsa njira ndi nthawi, nainenepetsa, napenya tsiku loti aiphe, tiri nalo kale dzina lace m'cinenero cathu. Ameneyo timamucha mbusa, kapena woweta. Ndipo kuweta si cinthu camanyazi. Munthu akapha mbuzi yace kuti ana adye, palibe amene amamdzudzula. Koma ndani anaonapo munthu atapha mbuzi ya m'khola mwace, naitana mudzi wonse kuti amuyimbire nyimbo za uzimba, napacika nyanga zace pakhomo monga umboni wa kulimba mtima? Tikadamseka tonse. Ulemu wa mlenje ucokera m'zimene iye adziwa ndi kupirira: kuwerenga mapazi, kudziwa kumene mphepo ilowera, kuyenda ndi njala, ndi kubwera kumudzi cimanja-manja masiku ambiri osataya mtima. Nyama ikapanda mpata wa kumgonjetsa, iyenso sanaigonjetse.

Cifukwa cace sinditi kuika nyambo nkucimwa mwa iko kokha. Anthu a mtundu wa Cree, a ku nkhalango za Canada, akhala akupha zimbalangondo kuyambira makolo ao, ndi misampha yomwe. Koma anazipha kuti adye ndi kupeza mafuta a m'nyengo ya cisanu, ndipo mwambo wao unali wolemera. Pochula cimbalangondo anagwiritsa nchito maina aulemu, monga agogo. Nyama yace anaidya pa phwando la dongosolo. Cigaza cace anacipacika m'mtengo kuti agalu asaciseweretse. Ndipo kudzitama pa imfa yace kunali koletsedwa. Iwo anaiona nyamayo monga mphatso yolandira ndi manja awiri. Mnyamata wochera diwa kuti kunyumba kukhale ndiwo ali m'gulu lomweli. Njala yace yakomana ndi njala ya mbewa, ndipo palibe bodza pakati pao.

Bodza limalowa pamene munthu wokhuta, wolipira ndalama zambiri kuti wina amdyetsere cimbalangondo mwezi wathunthu, afika tsiku lomariza, naomba mfuti kamodzi, najambulitsa cithunzi ataponda mtembo. Ameneyo wadya za mbusa nabvala nthenga za mlenje. Ndipo si kudzinamiza kokha, pakuti wathawanso mangawa a mbusa. Tidziwa tonse kuti mbuzi zikadya cimanga ca mnansi, mwini mbuzi ndiye alipira. Momwemonso munthu amene wazoloweza nyama ya m'thengo cakudya ca anthu ayenera kuyankha pamene nyamayo, iye atapita, iswa khola la munthu wina. Akulu anati, nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Apa mgolo waikidwa ndi mmodzi, koma cobvuta cigwera mudzi.

Ngati tsono akatswiri apeza kuti m'dera lakuti-lakuti zimbalangondo zacurukitsa, ndi kuti popanda nyambo sizingacepetsedwe, nchitoyo icitike, koma ichulidwe ndi dzina lace leni-leni, ndilo kupungula nyama. Icitike ndi cakudya cosapweteka, kutali ndi nyumba za anthu, nyama yace idyedwe yonse, zazikazi za ana zilekedwe, ndipo Boma liwerenge moona ngati nyamboyo iri kucepetsa zimbalangondo kapena kuzicurukitsa. Wocita nchitoyi akhoza kugona tulo tabwino. Cimene sayenera kutenga ndico dzina limene sanaligwirire nchito.

Inu amene mwatsiriza sukulu posacedwapa, kapena simudzaona cimbalangondo m'moyo wanu wonse, koma mgolo mudzauona, pakuti anthu amacheranso anthu anzao. Wina adzakupatsani ngongole mosabvuta pa nthawi ya njala, mpaka mutazolowera njira ya ku khomo lace. Wina adzapatsa mtsikana wosowa fizi timphatso mwezi ndi mwezi, ali pa nsanja yace, kudikira tsiku. Pamene muli ndi njala, funsani cifukwa cace cakudya cikupezeka pamalo amodzi-modzi popanda wochula mtengo wace. Koma tsiku lidzafikanso lakuti inu ndinu muli ndi mgolo, muli pa nchito, ndipo wina wosowa wazolowera kubwera kwa inu. Tsiku limenelo kumbukirani kuti amene mwamdyetsa wasanduka wa m'manja mwanu, ndipo mlandu wace ukhala pa inu. Kumpindulira pa kusowa kwace, ndi kudzicha wocenjera pambuyo pace, nkofanana ndi kuombera nyama yomangidwa ku mtengo.