Mulungu anatidyetsa m'chaka cha ng'amba

 Ine ndine mayi wa kwa Ndamera ku Nsanje, kufupi ndi Marka kumene dziko lathu lathera. Ndaima pano kuti ndichitire umboni zimene Mulungu wachita pakhomo panga. M'chaka cha njala cha 2024, ana anga ndi adzukulu anga sanagone ndi njala, ndipo ine sindinalowe m'dambo kukazula nyika.

Ndili mtsikana, mvula inkabwera mu Novembala ndipo makolo athu ankadziwa nthawi yobzala. Shire ankadzaza pang'onopang'ono, n'kuphwa, n'kutisiyira matope achonde. Lero zinthu zinasintha. Mvula imachedwa, ikabwera imagwa yonse nthawi imodzi, kenako imadula chimanga chikumasula. Mu Januwale 2015 madzi anatipeza usiku, ndipo boma linalengeza kuti maboma 15 agwa m'ngozi. Chaka chotsatira kunali ng'amba. Mu 2019 kunabwera namondwe Idai, mu 2022 Ana ndi Gombe motsatizana, ndipo mu Malichi 2023 Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Alangizi amatiuza kuti dziko lonse likutentha, nyanja yatentha, n'chifukwa chake namondwe akumanyamula madzi ambiri chotere. Nafenso tinagwetsa mitengo m'mapiri, moti mitsinje ikumatsika ndi mchenga n'kukwirira njira zake. Madzi a mvula yogwa ku Mulanje ndi ku Thyolo amatsika ndi Ruo, n'kukumana ndi Shire pa Chiromo, ndipo onsewo amathera kwathu kuno.

Freddy anagwetsa nyumba yanga ya zidina. Munda wanga unakwiririka ndi mchenga mpaka osaona ngakhale phesi limodzi. Tinakhala pamsasa pasukulu, ndipo usiku uliwonse ndinkagwada pakona ya kalasi n'kumalira kuti, Atate, tibwezereni mvula ya makolo athu. Mvula imeneyo sinabwerere mpaka lero. Koma Mulungu anandimva, ndipo yankho lake linadzera m'manja mwa anthu.

Tikadali pamsasa pomwepo, mlangizi wa zaulimi anabwera kudzatiuza kuti tisadikire Novembala. Anati madzi amene atiwononga asiya chinyontho m'mphepete mwa dambo la Ndindi, ndipo tiziwatsatira pamene akuphwa. Ulimi wa kudimba si wachilendo kwathu, agogo athu ankaudziwa, koma ambiri tinkauyesa wongopezerapo ndiwo. Chaka chimenecho dimba linakhala munda weniweni. Tinakumba mapando akuya kuti mbewu ikafike pamene pali chinyontho. Tinabzala chimanga chocha msanga, nyemba ndi maungu, n'kuphimbira nthaka ndi udzu kuti dzuwa la kuno lisamwe madzi onse. Tinalandiranso mbewu ya mbatata yofiira m'kati, ija amati Chipika, imene imapirira kutentha kwa kuchigwa kuno. Pamene ndinaona kholowa atayala pamalo pamene panali pothawa anthu, ndinakhala pansi m'dimbamo n'kuyamba kuimba ndekha. Mbatata ija tinadya, ina tinagulitsa pamsika, ina ndinaidula n'kuiyanika kuti ikhale makaka.

Ndalama ya mbatata ndinakaika ku banki m'khonde ya amayi a m'mudzi mwathu. Titagawana, ndinagula mbuzi, n'kuzimangira khola lam'mwamba, ndipo zitosi zake ndi zimene ndimapangira manyowa. Feteleza wakwera mtengo, ine sindingamukwanitse. Tinasonkhanso ndi anzanga n'kupeza pampu yoponda kuti chinyontho chikatha tizithirira kuchokera m'zitsime zimene timakumba m'dimbamo.

Koma chimene ndikufuna mumvetse bwino ndi nkhani ya mapira. Mvula ya kumapeto kwa 2023 isanayambe, pawailesi ankanena kuti a zanyengo aona kuti kukubwera El Niño, ndipo kumwera kuno mvula ikhala yochepa. Ndinapemphera za nkhaniyi, ndipo mtima wanga unakhazikika pa mapira ndi mchewere, mbewu zimene mayi anga ankalima kumphala, kuminda ya kumtunda, ife tisanatengeke ndi chimanga. Ana anga anadandaula. Anati nsima ya mapira ndi yakuda, anatinso mbalame zidzatimaliza. Zoonadi mapira ndi ntchito, amafuna munthu m'munda kuyambira m'bandakucha, kukuwa ndi kugenda mpheta mpaka dzuwa kulowa. Ndinabzalabe.

Mu Febuluwale 2024 kumwamba kunayera mbee. Chimanga cha m'minda ya kumtunda chinafota n'kupsa chili chiimire. Mapira anga anapinda masamba, ndipo ndinkapita kukawaona m'mawa uliwonse mtima uli m'mwamba. Mvula itawaza pang'ono, anatsitsimuka n'kutulutsa ngala. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya njala, ndipo Nsanje anali m'gulumo. Nthawi imeneyo ine ndinali kuinga mbalame m'munda wa mapira akucha. Aleluya!

Ndikawerenga nkhani ya Yosefe m'buku la Genesis ndimaona Mulungu yemweyu. Njala ya ku Iguputo sanailetse, koma anatumiza chenjezo nthawi isanakwane, n'kupereka nzeru ya chochita. Chenjezo la pawailesi, mawu a mlangizi, mbewu ya mayi anga imene ndinaikumbukira, zonsezi ine ndimaziwerenga kuti ndi chisomo chake.

Musandimve ngati ndikunena kuti pemphero langa linaposa la anzanga. Ndikudziwa amayi opemphera kuposa ine amene chaka chimenecho anakwera bwato kupita kudambo. Nyika ndi zija zimamera pansi pa madzi, ndipo kuti uzipeze umayenera kumira m'madzi momwe muli ng'ona. Ukabwera nazo n'zowawa, ana amadya chifukwa palibe china. Ena mwa amayiwa alibe malo kudimba, ena minda yawo ili pansi pa mchenga kuyambira nthawi ya Freddy, ena ndi okalamba osatha kuponda pampu. Zimandipweteka ndikamva munthu akunena kuti anthu a kuchigwa ndi otembereredwa kapena kuti timakonda zolandira. Bwerani mudzatione mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tili m'dimba ndi khasu. Chimene Mulungu anandipatsa sichinali changa ndekha. Makaka aja tinadya ndi ana a mnansi wanga, ndipo mbewu ya mbatata ndi ya mapira ndagawira aliyense amene anabwera kudzapempha.

Lero ndabwera ndi dengu la mapira ili kuti likhale chopereka changa chothokoza. Abusa, ndikupempha kuti mbewu imeneyi isapite kumphero, koma igawidwe kwa amayi amasiye a mumpingo muno mvula isanagwe. Ndikupemphanso mpingo wonse kuti tipempherere abale athu a kwa Nyachikadza, amene madzi amawazinga chaka ndi chaka, ndiponso alangizi athu kuti Mulungu awapatse mphamvu zoyendera midzi yathu. Nyumba yanga yatsopano ndaimanga pamtunda, ndipo adzukulu anga tsopano amapempha okha nsima ya mapira. Ulemerero ukhale kwa Mulungu Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.